Antena Yopanda Waya Mkati

A Jordão anabwera ndi mlandu ataugamula kale okha kunyumba. Ndi pulezidenti wa Tikolole, gulu la alimi a kachewere kuno ku Ntengo-Wambalame, ndipo akamalankhula malovu amafika papepala lako. Anaponya patebulo panga kanthu kakuda, kotalika ngati supuni, kothyoka pakati.

"Umboni ndi umenewo, Agente Bertina. Wakubayo tinamubweretsa kale sábado, Loweruka lapitali, mwamutsekera m'kalaboso mwanumo pano papolisi. Inu ingolembani basi."

Ine ndimadana ndi munthu wondiuza kuti ndingolemba. Ndinali nditangofika kumene kuchokera kumaliro kwathu ku Chidzolomondo, fumbi lidakali m'tsitsi, koma ndinawauza kuti akhale pansi ayambe poyambira.

Nkhani yake inali iyi. Bungwe lina la ku Tete linapatsa gululo kompyuta kuti alimi alembedwe, aliyense ndi munda wake, mayinawo atumizidwe pa intaneti lisanadutse Lachisanu lapitalo. Wolembedwa akanalandira mbewu, komanso pepala lonena kuti mundawo ndi wake. Koma kuno redi, netiweki ya telefoni, imagwira pachitunda pokha. Ndiye anaimika mtengo wautali pachitundapo n'kupachikapo roteyadoli, kabokosi kogawa intaneti, pomwe kompyuta anaitsekera m'nyumba ya malata yosungiramo mbatata, mamita mazana atatu kumunsi. Chokoka intaneti kuchokera pachitunda kufika m'nyumbamo chinali kanthu kakuda kaja, adaputadoli ndi antena yake. Amene anatumidwa ku Tete kukasankha zipangizo zonsezi anali mlembi wa gulu, Celestino.

"Tsiku lotsegulira kanagwira," anatero a Jordão. "Tinaomba m'manja, azimayi anaimba. Sabata yolemba itafika, zii! Mabanja cinquenta e quatro, makumi asanu ndi mphambu zinayi, palibe dzina ndi limodzi lomwe lapita. Técnico wa ku Tete, katswiri wa makinawa, wabwera, wathyola antenayo pamaso pathu. Onani nokha."

Ndinasuzumira. Mkati munalibe waya, munalibe chilichonse. Munali mphako ngati m'bango.

"Nanga kanagwira bwanji tsiku loyambalo?"

"Kabwinoko wagulitsa, n'kutiikira aka. Kiyi wa nyumba ija ndi mmodzi, ndipo amasunga yekha. Sexta-feira, Lachisanu likubwerali, galimoto imutenge, akayankhe ku tribunal kwa oweruza."

Tsikulo linali Lachiwiri.

*

Celestino ndinamupeza atakhala pakona, mawondo atawakumbatira. Ndi munthu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, woonda, wolankhula ngati akuwerenga kalata. Makolo ake ndi a gulu lija linabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Nditamuonetsa kanthu kothyokako, sanakagwire n'komwe.

"Si kanga aka, chefe."

"Aliyense wolowa muno amatero."

"Ndinayenda masiku atatu m'masitolo a ku Tete. Kompyuta imene anatipatsa ndi yakale, sikuti adaputadoli iliyonse imaivomereza. Ndinakana zisanu ndi imodzi. Zing'onozing'ono zija n'zabwino m'chipinda chimodzi ndi roteyadoli, koma ife tili m'malata, ndipo malata amapha redi. Ndinafuna ya antena yamphamvu, ndi chingwe cha mamita asanu kuti ndiitulutsire kunja, pansi pa denga pofikika ukakwera uli m'kati mokha, iyang'ane kuchitunda. Bateri ndinasankha ndekha, sola ndinasankha ndekha. Ndikanaba, ndikanaba bateri, osati kanthu kamene ndinakavutikira chonchi."

"Ndizindikira bwanji kuti si kako?"

"Antena yanga imamasuka mukaipotokola. Imeneyo ndi yomata."

Ndinayesa kupotokola. Sinasunthe.

"Ndiye sabata yonse sunaone kuti akusinthira? Iwe katswiri?"

Anaweramitsa mutu. "Kali pamwamba, ukayang'ana uli pansi n'kofanana. Ndinasintha kadi ya telefoni, ndinakwera pachitunda katatu patsiku, ndinatsegula kompyuta. Ndinakayikira chilichonse kupatula chimene ndinasankha ndekha."

Pamenepo ndinamumvera chisoni, ngakhale chisoni sichitulutsa munthu m'kalaboso. Ndinamufunsa za katoni imene adaputadoliyo inabweramo. Anati técnico uja anaifunanso, koma kunyumba sinapezeke. Ndinamufunsa za kiyi.

"Amakhala m'thumba mwanga. Domingo lokha, Lamlungu, ndimamupachika pamsomali, chifukwa thalauza langa la kutchalitchi ndi lobooka thumba."

"Amatsala pakhomo ndani?"

"Domingo loti mawa lake tiyamba kulemba mwana amadwala, ndiye anatsala ndi amake." Anadzutsa mutu msanga. "Koma mkazi wangayo Mónica musamulowetsemo, chefe. Iye ndi kompyuta sadziwana."

*

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto kupita ku Tsangano. Pamsika wonse, wogulitsa zipangizo za kompyuta ndi mmodzi, Lyson, bambo wa mimba yake wokonza matelefoni m'kabaraka kobiriwira, amene amadzitcha injiniya ngakhale palibe anaonapo pepala lake.

"Eeh, autoridade! Lero ndalakwanji?"

Ndinaika kanthu kaja pathabwa lake. Anakatembenuza kamodzi, n'kuseka.

"Aka ndi kanga, sindikana. Tinabwera khumi, tatsala tisanu ndi tiwiri. Koma ine sindinamiza munthu, mana. Aliyense ndimamuuza kuti antenayi ndi yokongoletsa chabe, kamagwira m'chipinda momwemo. Ukafuna kenikeni, pita ku Tete ndi chikwama chonenepa."

"Unagulitsa kwa Celestino wa ku Tikolole?"

"Celestino? Nunca! Ameneyo amafunsa dzina la chipi chili mkati, amawerenga katoni mpaka ku mapeto, amakutopetsa usanadye. Aka angakagule kuti akatani nako?"

"Nanga titatuto tinapita kwa yani?"

"Tiwiri ana asukulu ya secundária. Kachitatu..." Anakanda chibwano. "Kachitatu ndimakakumbukira chifukwa ndinaseka tsiku lonse. Panabwera mdala, sábado la msika, wa jekete lalitali. Dzina sindidziwa, anthu amachuluka. Anatulutsa m'thumba kaudzu kodula bwino, ngati kaja amayezera phazi la mwana akamakamugulira nsapato mwanayo atatsala kumudzi. Anayamba kuyeza ma antena anga ndi kaudzuko, iyi yafupika, iyi yatalika, mpaka anapeza yofanana. Ndinati, madala, imeneyo sigwira patali. Mukudziwa anandiyankha chiyani?"

"Nena."

"Anati, 'Ndi imeneyo ndikufunayo.'"

Pamenepo ndinazindikira. Wakuba amafuna phindu. Uyu amafuna kuti kompyuta ija ikhale chete, ndipo anali atakwera kale pansi pa denga paja kukayeza.

"Kenikeni kaja ndingakapeze bwanji, Lyson?"

"Adaputadoli iliyonse ili ndi nambala yake, ngati bilhete, chiphaso cha munthu. Imalembedwa pakatoni. Roteyadoli imaonetsa nambala za onse amene akukokapo intaneti. Ngati anakataya m'chimbudzi, acabou, zatha. Koma ngati wina akukagwiritsa ntchito, bweretsani katoniyo, ine ndikakuonetsani."

*

Mónica ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde, mwana wawo Chisomo atagona pamphasa. Ndi mwana wa a Bento, mwini ng'ombe zambiri tsidya la dambo, ndipo ali ndi ulemu wa kwawoko, wogwada polonjera, wosayang'ana munthu kumaso.

"Katoniyo sindikuidziwa, amayi. Kapena ndinasonkhera moto."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ine ndakulira m'midzi yomweyi. Kuno botolo la mafuta limasanduka la mchere, thumba la feteleza limasanduka chitseko. Katoni yonyezimira yochokera ku Tete, mzimayi aisonkhere moto?

"Domingo lija kunabwera munthu pakhomo pano?"

"Ayi."

"Kiyi anachoka pamsomali?"

Manja ake anaima m'lichero, kenako anayambanso. "Sindinayang'ane."

Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. Ndinamuuza kuti mkucha m'mawa galimoto ibwera. Ndinamuuza kuti mabanja makumi asanu ndi mphambu zinayi ali okonzeka kukaima pamaso pa juiz, woweruza milandu, kunena kuti mwamuna wake anawabera minda, ndipo akangopita kumeneko, Chisomo adzayamba sukulu bambo ake asanabwere. Anangopitiriza kusankha nyemba. Ndinadzuka, ndinasansa siketi yanga, ndinayamba kukankha njinga.

Ndinali nditafika pamsewu pamene ndinamva mapazi kumbuyo. Anali iye, akuthamanga, atabisa kanthu m'chitenje. Ananditambasulira katoni yabuluu. Mkati munali singano, ulusi ndi mabatani, ndipo m'mbali munali kapepala koyera ka manambala.

"Tengani," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Koma mukakapeza, musakanene kuti ndakupatsani ndine."

Sindinamufunse kuti akuopa yani. Ndinaona kuti wanena kuti *mukakapeza*, ngati munthu wodziwa kuti kalipo.

*

Lachinayi masana Lyson anakwera nane pachitunda, akuwefuka ndi kudandaula za nsapato zake. Anakhala pamwala pansi pa mtengo wa roteyadoli uja, anatsegula laputopu yake, anagogodagogoda. Mphepo ya kuno imaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo.

"Matelefoni atatu. Awiri ndi a azimayi ali pamjigo apowo, senha yake yolowera pa intaneti mudzi wonse ukuidziwa. Ndiyeno ichi." Analoza ndi chala chakuda ndi girizi. "Werengani pakatonipo."

Ndinawerenga nambala imodziimodzi, iye akuvomera. Zinafanana mpaka yomaliza.

"Kali moyo, mana! Kakukoka intaneti panopa, tikulankhula pano."

"Kuti?"

"Roteyadoli sinena mudzi. Koma redi yake ikufika yofooka, ndiye kali patali, ndipo pakati palibe phiri. Yang'anani nyumba imene ikuuona mtengowu."

Ndinazungulira ndi maso. Kumpoto kuli chitunda china, kumadzulo mitengo ya bulugama. Kotseguka ndi kum'mawa kokha, kupyola nyumba ya mbatata, kupyola dambo lodzaza ndi timinda ta kachewere. Tsidya lake kunali khola lalikulu la ng'ombe ndi nyumba yopaka laimu. Pakhonde pake panali munthu atakhala, ataweramira chinthu pamiyendo.

*

Anali Nélio, mchimwene wa Mónica, mphunzitsi wa pulayimale. Pansanamira ya khonde anamangirirapo ndi mphira kanthu kakuda, chingwe chake chitalowa mu laputopu. Ataona yunifolomu anaimirira mwaulemu, osaopa chilichonse.

"Boa tarde, senhora agente. Ndikutsitsa mayeso a ana."

Ndinafika pansanamirapo, ndinagwira antena, ndinapotokola. Inamasuka bwinobwino.

"Munakapeza kuti, professor?"

"Anandipatsa atate. Anati anatola pamsewu wa ku vila, kutauni, kanagwa m'galimoto. Ine ndinangoyesa, n'kuona kuti kakugwira mpaka kuno." Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana katoni yabuluu inali m'manja mwanga, n'kuzindikira mwini wake. Munthu wophunzira, mlamu wake ali m'kalaboso chifukwa cha adaputadoli, iye n'kukhala ndi adaputadoli yotola pakhonde osafunsa. Anthu ena maso amawatseka dala, ndipo amandinyansa kuposa akuba.

"Musiyeni mwanayo."

A Bento anatulukira kukhola, ndodo ili m'manja. Ndi aatali, a imvi, olankhula pang'onopang'ono ngati palibe chimene chingawathamangitse padziko lino. Jekete lawo linali lalitali. Anandilozera mpando, iwo anakhala pachitsa.

"Mwabwera ndi katoni ya mabatani a Mónica," anatero. "Ndaizindikira."

"Munasintha ndinu, bambo?"

"Ndine."

Sanazengereze, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri kuposa akanakana.

"Chifukwa?"

Analoza dambo ndi ndodo. "Noventa e três, chaka cha 1993, anthu aja atabwerera kuchokera ku Malawi ndi mabulangete awo a mphatso, atate anga anawabwereka dambo ili kuti alime chaka chimodzi. Chaka chimodzi, mayi. Ife nkhondo yonse tinali pompano, tikubisa ng'ombe m'mapiri, tikuika maliro opanda nyimbo. Zaka makumi atatu zapita, ng'ombe zanga zimazungulira kukamwa kutali ngati zachilendo. Ndinakhala chete. Lero mwana wawo, amene ndinamupatsa mwana wanga, akufuna alembe dambolo m'makina, aliyense alandire pepala. Pepala likatuluka, ine ndidzanena chiyani?"

Ine ndinabadwira mumsasa wa othawa nkhondo, tsidya la malire. Amayi anga anabwerera ndi bulangete ngati limenelo, ndipo anamwalira akulima munda umene mwini wake amawakumbutsa chaka ndi chaka kuti ndi wobwereka. Ndinafuna kuwauza a Bento zimenezi, koma ndinameza, chifukwa ndinabwerera ntchito ina.

"Bwanji simunangokachotsa?"

"Akanaona tsiku lomwelo, n'kukagula kena. Ndimafuna afunefune mpaka sexta-feira idutse."

"Nanga kenikeniko munakasungiranji? Mukanakataya sindikanafika pano."

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa zamisala. "Ndikataye chinthu choti chikugwira ntchito?"

"Koma mkamwini wanu mumati mumutaye."

"Ameneyo sindinamusankhe ine."

Nélio anali atalowa m'nyumba. Ng'ombe zinalira m'khola. Ndinatulutsa kabuku kanga ndi kufunsa funso limene ndimaliopa chichokereni pachitunda paja.

"Kiyi munamupeza bwanji?"

"Kawiri konse, pokayeza ndi pokasintha, anandipatsa Mónica. Ndinati ndikufuna sikelo ya m'nyumbamo. Poyamba sanadziwe. Makina aja atakhala chete segunda-feira, Lolemba lija, anabwera kuno akulira, atazindikira. Ndinamuuza kuti akatsegula pakamwa, alibenso atate." Anaima, natsamira ndodo. "Ndiye wasankha. Tiyeni, mayi, ng'ombe aziona ndi ana."

*

Tinafika dzuwa litapendeka. A Jordão anali pakhomo pa polisi ndi anthu angapo, atamva kale, chifukwa kuno nkhani imafika mwini wake asanafike. Ataona a Bento anavula chipewa mwa chizolowezi, kenako anachita manyazi, n'kuchivalanso. Anayamba kundiuza kuti iwo ankakayika kuyambira pachiyambi. Ndinangowadutsa.

Telefoni ya ku Tete ndinaimba ndekha. Anandiyankha mwaulemu kuti mndandanda unatsekedwa, ndipo mwina chaka chamawa, ngati bungwelo lidzakhale likadalipo. Choncho a Bento analowa m'kalaboso atapeza kale chimene amafuna.

Celestino ndinamutulutsira muofesi. Ndinaika adaputadoli yake patebulo. Anaitola, anapotokola antena, anaibwezera.

"Ndani, chefe?"

"Apongozi ako."

Anaika adaputadoliyo patebulo. Ndinaona m'maso mwake akuwerenga masiku, akubwerera mpaka pamsomali paja. Ndinapemphera kuti asafunse, koma ndi munthu wowerenga katoni mpaka ku mapeto.

"Mónica amadziwa?"

"Ndi iye wakutulutsa. Popanda katoni imene wandipatsa, mawa ukanakwera galimoto."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndikanatha kunama. Koma akanamva ndithu ku tribunal, kwa a Bento okha, pamaso pa mudzi wonse.

"Anazindikira Lolemba la sabata yolemba ija."

"Segunda." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti masiku asanu aja ndimakwera chitunda katatu patsiku, ndikubwera kunyumba ndikulira ngati mwana, iye akunditenthetsera madzi a miyendo, akudziwa. Akanangonena kuti yang'anani pansi pa denga. Mawu anayi okha. Anthu onse aja akanalembedwa, amayi anga akanalandira pepala lawo."

"Ndi atate ake, Celestino."

"Ndamva, chefe."

Anasaina pamene ndinamulozera, n'kutuluka. Mónica anali ataima pafupi ndi mbendera, Chisomo ali kumbuyo, mbale yokutira ndi nsalu ili m'manja. Anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona.

"Bambo a Chisomo."

Celestino anaima. Anasisita mutu wa mwana, koma mkaziyo sanamuyang'ane.

"Chakudyacho ukawapatse atate ako," anatero, osakweza mawu. "Alowa m'mene ndimagona muja. Usiku mumazizira, bulangete ndawasiyira."

Anatsika masitepe n'kulowera njira ya kwa amayi ake, osacheuka. Mónica anakhalabe chigwadire ndi mbale yake, chitseko cha kalaboso chili kumanzere, mwamuna wake akuchepa kumanja. Kenako anatembenukira kwa ine, ngati kuti poti ndapeza wolakwa ndiye ndingamuuzenso kolowera. Ndinalowa muofesi n'kutseka chitseko.